Phunziro la Mwezi Uno: Mabwana a Mitundu Yosiyanasiyana, Kodi Ntchito Imayenda?

 Muliwerenge modekha, ndipo ngati n'kotheka mukambirane ndi anzanu kukampu Lachisanu pamene mukupuma.

Phunziroli labwera chifukwa cha anthu awiri amene tinacheza nawo tsiku limodzi. Woyamba ndi mnyamata wa ku Dedza amene amanyamula katundu pakampani ina ku Industrial Area. Iye anati mwini kampaniyo ndi mbadwa ya konkuno, koma sanamuonepo ndi kamodzi komwe. Manijala wamkulu ndi wa ku Egypt, a ku ofesi ya malipiro ndi Amwenye, akapitawo onse ndi a ku Nepal, pomwe woyang'anira kampu ndi wa ku Bangladesh. Ndiye anatifunsa kuti: "Akuluakulu, mabwana onsewa, a mitundumitundu chonchi, bwanji palibe ndi mmodzi yemwe wondimvera? Ndalama zanga za ovataimu za miyezi iwiri sizinalowe. Aliyense akungondilozera kwa mnzake, pomwe kumudzi ana akudikira fizi."

Wachiwiri ndi mayi wa ku Chipata amene amagwira ntchito kukhitchini pahotela ina ku West Bay. Nakonso mabwana ndi osakanikirana. Mkulu wa ophika ndi wa ku Lebanon, womutsatira ndi wa ku Sri Lanka, masupavaizala ndi a ku Philippines, ku Kenya ndi ku India. Koma mayiwa anati chiyambire ntchito sanaonepo malo abwino ngati amenewa. Akadandaula amamveka, ndipo mnzawo wa ku Uganda amene anayamba naye limodzi kutsuka mbale, lero ndi supavaizala.

Onse awiri ali pansi pa mabwana a mitundu yambiri, koma wina akulira pomwe wina akuyamika. Nanga kusiyana kwake kuli pati? Limeneli ndiye funso la phunziro lathu.

Kuno aliyense ndi mlendo

Dziko la Qatar lili ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni, koma eni dziko ndi ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse. Pa anthu 100 olembedwa ntchito, oposa 90 ndi alendo. Ambiri ndi ochokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Egypt, Pakistan ndi Sri Lanka, ndipo kulinso anzathu ambiri a ku Kenya ndi Uganda. Choncho kawirikawiri bwana wanu naye ndi mlendo ngati inu nomwe. Naye ali pa kontirakiti, naye amaopa kuchotsedwa, naye amatumiza ndalama kwawo.

Ntchito zikuluzikulu za dziko lino zagwiridwa ndi mabwana osakanikirana chomwechi. Bwalo la Lusail, kumene kunachitikira masewera omaliza a World Cup pa 18 December 2022, linajambulidwa ndi kampani ya ku Britain ya Foster + Partners, ndipo linamangidwa ndi kampani ya konkuno ya HBK mogwirizana ndi ya China Railway Construction Corporation. Sitima za Doha Metro zimene timakwera, zomwe zinayamba kuyenda mu 2019, zinapangidwa ku Japan, ndipo oziyendetsa ndi a RKH Qitarat, mgwirizano wa kampani ya ku Qatar ndi makampani awiri a ku France. Apa tikuona kuti anthu a mitundu yosiyana angathe ndithu kusenzera limodzi denga.

Komabe nonse mukudziwa kuti m'makampani ambiri kusakanikiranaku kumakhala ngati makwerero: mtundu uwu pamwamba, uwu pakati, uwu pansi. Kumapeto kwa 2019 bungwe la United Nations linatumiza kuno katswiri wake woona za tsankho, mayi E. Tendayi Achiume, obadwira ku Zambia. Mu lipoti lawo la 2020 mayiwa anayamikira malamulo atsopano amene boma linkakonza, koma ananenanso mosabisa kuti pasipoti ya munthu ndi imene imanena ulemu ndi chitetezo chimene angalandire: azungu ndi Aluya pamwamba, a ku South Asia ndi ife a kumwera kwa chipululu cha Sahara pansi. Mu April 2022 bungwe la Amnesty International linafalitsa zimene linamva kwa alonda 34 a m'makampani 8. Alonda a ku Uganda ndi Kenya anadandaula kuti ndiwo ankaikidwa kawirikawiri pamalo otentha kwambiri, ndiponso kuti ankalandira zochepa kuyerekeza ndi anzawo, makamaka olankhula Chiarabu.

Ofufuza anapeza zotani?

Anthu ena amati kampani ikangosakaniza mitundu ya mabwana, basi zonse ziyenda. Ena amati ayi, kusakaniza n'kuitana chipwirikiti. Tiyeni tione zimene akatswiri a kafukufuku anapeza.

Mu 1993 akatswiri atatu a ku America, Watson, Kumar ndi Michaelsen, anatsatira magulu a ophunzira a payunivesite kwa masabata 17. Magulu ena anali a anthu a chikhalidwe chimodzi, ena osakanikirana. Poyamba a chikhalidwe chimodzi ndiwo ankachita bwino, chifukwa ankamvana msanga. Koma pofika sabata ya 17, osakanikirana aja anali atawapeza, ndipo ankawaposa poona vuto kumbali zosiyanasiyana ndi popeza njira zambiri zolithetsera. Ndiye kuti gulu losakanikirana limafuna nthawi. Kampani imene imasintha akapitawo mwezi ndi mwezi imangokolola mikangano ya poyambayo, phindu lake osaliona.

Mu 2010 Günter Stahl ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 108, wokhudza magulu 10,632 a anthu ogwirira ntchito limodzi. Anapeza kuti kusiyana zikhalidwe kumachulukitsa mikangano ndipo kumachedwetsa umodzi, koma kumabweretsanso nzeru zatsopano. Zabwino ndi zovutazi zimakokana, ndipo mbali yopambana imadalira mmene gululo likuyendetsedwera.

Mwina munamvapo mabwana akutchula kampani yolangiza za bizinesi ya McKinsey. Mu 2015 kampaniyi inaunika makampani 366 n'kunena kuti amene ali ndi atsogoleri osakanikirana kwambiri ali ndi mwayi woposa ndi 35 peresenti wopeza phindu lochuluka kuposa anzawo. Koma mu 2024 akatswiri awiri, Jeremiah Green ndi John Hand, atayesa kuwerengera zomwezi pa makampani akuluakulu a ku America, sanapeze mgwirizano woterowo. Choncho tisamangovomera kuti kusakaniza pakokha ndi mankhwala.

Mfundo imene ikutithandiza kwambiri ife kuno ndi imene Dora Lau ndi Keith Murnighan analemba mu 1998. Iwo anati gulu limakhala ndi mng'alu, ngati khoma la nyumba. Mng'aluwo umakula pamene kusiyana konse kwagwera pamzere umodzi. Taganizirani kampani imene akapitawo onse ndi a dziko limodzi, chinenero chimodzi, chipembedzo chimodzi, amadya pamodzi, amagona chipinda chimodzi, ndipo malipiro awo ndi okwera. Antchito wamba onse ndi a dziko lina. Pamalo otere kakangoyambika kankhani kochepa ka shifiti, nthawi yomweyo kamasanduka nkhani ya "ife" ndi "iwo". Koma ngati pakati pa masupavaizala pali Mkenya, Mmwenye ndi Mfilipino, ndipo pakati pa otsuka mbale palinso mitundu yomweyo, mng'alu umasowa podutsa. Apa mwayamba kuona kusiyana kwa kampani ya mnyamata wa ku Dedza ndi hotela ya mayi a ku Chipata.

Robin Ely ndi David Thomas mu 2001 anafufuza makampani atatu ku America, ndipo anapeza zifukwa zitatu zimene mabwana amasakanizira antchito. Ena amangofuna kuti asanenedwe kuti ndi atsankho. Ena amafuna munthu woti azilankhula ndi a mtundu wake basi. Ena amafuna kuti aliyense abweretse nzeru zake pa kagwiridwe ka ntchito. Phindu lokhalitsa linaoneka pa chifukwa chachitatuchi chokha. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamameta ngati mwamulola mwiniwake kukatulutsa m'thumba.

Makolo athu anaziona kale

Njira yoika munthu wa mtundu wanu kuti azikulankhulani basi si yachilendo kwa ife. Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ankagonekedwa m'makomboni motsata mitundu, mtundu uliwonse ndi nduna yake yoikidwa ndi eni mgodi. Ku migodi ya kopa ya ku Zambia, mu 1931, mabwana a mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya anakhazikitsa akuluakulu oimira mtundu uliwonse kuti azifikitsa madandaulo kwa azungu. Pa milandu ya m'komboni njirayi inkathandiza. Koma pa sitalaka ya mu 1935, nkhani itafika pa ndalama, antchito anawakana akuluakulu aja powaona ngati anthu a abwana. Mu 1949 antchito a mitundu yonse anapanga bungwe limodzi motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo mu 1953 anavota kuti oimira mitundu aja athetsedwe.

Tisaiwalenso kuti nthawi imeneyo ambiri mwa makalaliki a m'migodimo anali ochokera ku Nyasaland, chifukwa cha masukulu a mishoni. Ndiye kuti nafenso tinakhalapo pakhwerero lapakati, anzathu akutiyang'ana ndi diso lomwe ife lero tikuyang'anira akapitawo a ku Nepal. Phunziro lake ndi ili: kukhala ndi kapitawo wa kwanu n'kokoma, koma ngati alibe mphamvu yosintha kanthu, wangokhala wotanthauzira mawu.

Kusamvana kwa tsiku ndi tsiku

Si vuto lililonse limene lili tsankho. Zina n'kusamvana chabe, ndipo zoterezi tingathe kuzichepetsa tokha.

Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, ndipo akalankhula timati "chabwino bwana" ngakhale sitinamve. Manijala wa ku Ulaya akaona munthu akuyang'ana pansi amaganiza kuti akubisa kanthu, ndipo akamva "chabwino" amati zamveka. Bwana wachiluya akamakweza mawu kuti "yalla, yalla", nthawi zambiri akungoti tiyeni tifulumire, si kuti wakwiya ayi. Chimodzimodzi kapitawo wofuula kuti "jaldi, jaldi". Mmwenye akamagwedeza mutu uku ndi uku, ife timaona ngati akukana pomwe mwina akuvomera. Mawu akuti "inshallah" ndi aulemu, otanthauza kuti Mulungu akalola, koma si tsiku la pakalendala. Mukafunsa za ndalama zanu n'kuyankhidwa kuti "bukra, inshallah", thokozani, kenaka funsani mwaulemu kuti mubwerenso tsiku liti ndiponso kwa yani.

Pa nkhani ya chitetezo ndiye musachite manyazi m'pang'ono pomwe. Lamulo likachoka kwa injiniya m'Chingerezi, n'kudutsa kwa kapitawo m'Chihindi, pofika kwa inu limakhala litaduka miyendo. Ngati simunamve, nenani. Bwerezani zimene mwamvazo m'mawu anuanu kuti bwanayo atsimikize. Safunsa anadya phula, ndipo pamakina kapena pamwamba pa sikafodi, phula lake ndi moyo wa munthu.

Zizindikiro za malo oyendetsedwa bwino

Pofuna kudziwa ngati kusakanikirana kwa mabwana kukuthandiza, musawerenge mbendera za mayiko. Yang'anani zinthu izi.

Choyamba, kodi pa udindo uliwonse pali anthu a mitundu ingapo, kapena mtundu uliwonse uli ndi khwerero lake? Kodi alipo munthu wa ku Africa amene anakwezedwapo?

Chachiwiri, kodi anthu awiri ogwira ntchito yofanana, amene akhala zaka zofanana, amalandira mofanana?

Chachitatu, kodi ndandanda ya mashifiti, ovataimu ndi tchuthi imalembedwa n'kupachikidwa poyera, kapena ili m'mutu mwa kapitawo? Zinthu zikakhala zolembedwa, kukondera kumasowa pobisala.

Chachinayi, kodi pamsonkhano mabwana amalankhula chinenero chimene onse akumva? Kuseka m'chinenero chanu nthawi ya tiyi si mlandu. Koma kugawana ntchito m'chinenero chimene ena sakumva n'kuwatsekera kunja.

Chachisanu, kodi pali makomo angati olowera ndi dandaulo? Ngati khomo ndi limodzi lokha, ndipo pakhomopo paima munthu yemwe mukumudandaulayo, ndiye kuti palibe khomo.

Lamulo silifunsa pasipoti

Kaya bwana wanu ndi wa dziko liti, malamulo a ntchito a Qatar ndi amodzi. Kuyambira mu March 2021 malipiro otsikitsitsa ndi mariyali 1,000 pamwezi, kuwonjezapo 500 a nyumba ndi 300 a chakudya ngati kampani sikupatsani zimenezi. Lamuloli ndi la mitundu yonse, ngakhalenso ogwira ntchito m'nyumba. Kwa antchito ambiri a m'makampani, sabata ya ntchito ndi maola 48, ndipo m'mwezi wa Ramadan ndi maola 36. Ola la ovataimu liyenera kulipidwa ndi ndalama yowonjezera yosachepera 25 peresenti. Kuyambira pa 1 June mpaka pa 15 September, kugwira ntchito panja padzuwa n'koletsedwa kuchokera 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana. Bwana wosunga pasipoti yanu mokukakamizani akuphwanya lamulo, ndipo chindapusa chake chingafike mariyali 25,000. Kuyambira mu 2020 lamulo silifunanso kalata ya chilolezo cha bwana kuti musinthe ntchito. Mumapereka notisi ya mwezi umodzi ngati simunapitirire zaka ziwiri pakampanipo, kapena ya miyezi iwiri ngati mwapitirira, ngakhale kuti mabwana ena amavutabe. Dziwaninso kuti kontirakiti ikalembedwa m'zinenero ziwiri, ya Chiarabu ndiyo imagwira pa mlandu. Musasaine musanapeze wokuwerengerani.

Alendo kuno saloledwa kupanga kapena kulowa yuniyoni monga anachitira makolo athu ku Luanshya, ndipo sitalaka ingathe kukubwezetsani kumudzi. Koma lamulo limalola kuti pakampani ya antchito 30 kapena kuposerapo pakhale komiti ya mbali ziwiri, theka oimira abwana, theka oimira antchito. Mu 2019 boma linaika ndondomeko yoti oimira antchitowo azisankhidwa ndi antchito eniake, ndipo bungwe la ILO, limene linatsegula ofesi yake mu Doha mu 2018, lakhala likuthandiza kuphunzitsa makomitiwa. Ngati komitiyi ilipo pakampani panu, kavoteni. Ndipo povota musafunse kuti wakwathu ndi uti. Funsani kuti wolimba mtima ndi wolankhula zoona ndi uti. Amalawi ndi a ku Zambia ndife ochepa kuno, tokha sitingapambane chisankho chilichonse. Mphamvu yathu ili pogwirizana ndi Mnepali ndi Mkenya amene ovataimu yawo nayo sinalowe.

Zikakanika mkati mwa kampani, pitani ku Unduna wa za Ntchito. Mungathe kudandaula pa ofesi kapena pa intaneti. A undunawo amayamba ayesa kukuyanjanitsani, ndipo zikalephereka amatumiza nkhaniyo ku makomiti oweruza milandu ya ntchito, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018.

Mnyamata wa ku Dedza uja tinamulangiza kuti alembe m'kope tsiku lililonse ndi maola amene anagwira, asunge mapepala a ku banki, apeze anzake a mitundu ina amene ali ndi vuto lomwelo, ndipo alembe kalata imodzi yaulemu yopita kwa manijala wamkulu, kope lake n'kusunga. Mawu a pakamwa amatayika podutsa m'zinenero zinayi, koma manambala olembedwa amawerengeka mofanana ndi aliyense.

Nanga akakwezedwa ndinu?

Ena mwa inu ndinu kale masupavaizala, ndipo ena mudzakhala. Apa ndiye pali mayeso. Tonse tikudziwa matenda a kwathu aja akuti uyu ndi wakumpoto, uyu wapakati, uyu wakumwera. Musawanyamule kubwera nawo ku Doha. Mawa lake mutangokwezedwa, abale adzabwera kuti "achimwene, mundiganizire pa shifiti yamasana." Mukavomera, a mitundu ina aona, ndipo mwayambitsa mng'alu womwe uja unkakulizani inu. Chimene mungamuchitire mbale wanu ndi kumufotokozera malamulo m'Chichewa, kumuphunzitsa ntchito ndi kumuuza mwayi ukapezeka. Koma ndandanda ikhale imodzi kwa onse.

Phunzirani kutchula bwino dzina la aliyense, ndi moni wa m'chinenero chake. Dziwani nyengo zimene anzanu amazilemekeza, monga Ramadan ndi Eid kwa Asilamu, Dashain kwa a ku Nepal, Diwali kwa Amwenye ambiri, Khirisimasi kwa Akhristu, kuti pogawa tchuthi aliyense aganiziridwe. Musadzudzule munthu pagulu, pakuti palibe mtundu umene umakondwa ndi kuchititsidwa manyazi. Ndipo muzifunsa maganizo kwa amene sakonda kulankhula, chifukwa ambiri anachokera kumene wamng'ono sayankha wamkulu, monganso kwathu. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pakampani panu, ndi mitundu iti imene ili pa udindo uliwonse? Kodi ndi makwerero kapena ndi osakanikirana?

2. Fotokozani tsiku limene munaganiza kuti bwana wakuchitirani tsankho, koma kenaka munazindikira kuti kunali kusamvana. Nanga tsiku limene linalidi tsankho, munalizindikira bwanji?

3. Mutakhala ndi dandaulo lokhudza kapitawo wanu, mungapite kwa yani? Tchulani makomo awiri.

4. Kodi muli ndi mnzanu wa mtundu wina amene angakuchitireni umboni pa maola amene munagwira? Ngati mulibe, muyamba bwanji kumupeza sabata ino?

5. Mbale wa kwanu atakupemphani kuti mumukondere inu muli supavaizala, mungamuyankhe mawu otani osamukhumudwitsa?

Wotsogolera gulu aonetsetse kuti aliyense walankhulapo, amayi ndi abambo omwe, ndipo alembe mfundo zimene mwagwirizana kuti tidzazione pokumana mwezi wamawa. Mugwire ntchito bwino ndipo muzimwa madzi okwanira.